Deti ya Pansi pa Kabotolo

Atelala anali ndi diso limodzi logwira ntchito, ndipo diso limenelo ndi limene linaphunzitsa ana anayi. Lamanzere linazima kalekale ali mnyamata, singano ya makina itathyoka n'kudumphiramo. Lamanja linkalowetsa ulusi pasingano kamodzi n'kamodzi, mwini wake osaunyambita n'komwe ulusiwo, mpaka anzawo ovala magalasi ankachita manyazi. Koma Lachitatu m'mawa diso limenelo linali lotupa, likuchucha mafinya, Atelala atagona pabedi lachitatu kuchokera pakhomo m'chipinda cha odwala maso.

Kumiyendo kwa bedilo kunaima mwana wawo woyamba, wapolisi wofufuza milandu, amene aliyense ankangomutchula kuti Sajeni. Mayiyu anali ataonapo milandu yonyansa yambiri osaphethira, koma nkhope ya bambo ake sanathe kuiyang'anitsitsa. Anachita mantha, ndipo manthawo anamupsetsa mtima.

Dokotala wa maso, mayi wamfupi wolankhula mothamanga ngati ali ndi basi yoti akwere, anamukokera pambali. M'manja anali ndi kabotolo koyera ka mankhwala odontheza m'maso, kali m'pepala la pulasitiki.

"Pakagalasi ka diso pali chilonda," anatero dokotala. "Poyamba inali nthenda wamba: tizilombo, diso kufiira, manthongo m'mawa. Mankhwala olembedwa pakabotolo aka amapha tizilombo timeneto m'masiku ochepa. Bambo anu adontheza sabata yathunthu, diso likungoipiraipira. Ndiye muno mulibe zimene zalembedwa panjapa."

"Muli chiyani?"

"Funso lanulo ndi langanso. Ndatumiza madontho ku labu, ndapalanso pachilonda, koma mayankho ndi Lolemba. Diso silidikira Lolemba. Ndayamba mankhwala amphamvu ola lililonse, koma ndikungopapasa. Ngati munali madzi akuda okha, njira yake ndi ina. Ngati munali mankhwala ochepetsa kutupa, aja timapereka tikachotsa ng'ala, ndi nkhani inanso, chifukwa amenewo pachilonda amagonetsa chitetezo cha diso, tizilombo n'kumadya mwaufulu. Ndipezereni munthu amene anadzaza kabotolo aka. Ndikufuna ndimufunse ndekha, lero."

Sajeni analandira kabotoloko n'kubwerera pabedi. Anakaika pakatebulo ka kumutu, nakhala pansi.

"Ababa, munakagula kuti?"

"Wayamba kundifunsa ngati mbava, Sajeni?" Atelala anayesa kuseka, koma ululu unawadula. "Kwa Zonsezilipo, pakona paja. Mzere wa kuno umadya tsiku lathunthu, ine ndili ndi mayunifolomu a sukulu makumi anayi pamakina. Ndinati ndingogula, ndidontheze, ndizisoka."

"Kanali kotsegula?"

"Katsopano. Nditapotokola chotsekera chinalira kuti thwa, ngati mmene chimalirira. Ndipo usanamizire mankhwala pachabe, masiku awiri oyamba kufiira kunatha, ndinasoka makolala khumi. Tsiku lachinayi ndi pamene kunada."

Asanafunse china, panamveka nsapato za pulasitiki zikulira kwichi kwichi mukhonde. Analowa azakhali ake a Sajeni, mlongo wawo wa Atelala, atavala diresi lobiriwira la okolopa m'chipatala, fulasiki ya tiyi ili kukhwapa. Anali atagwira ntchito pachipatalapo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, zambiri mwa izo kuchipinda cha amayi oyembekezera, ndipo pakamwa pawo panali posagona.

"Achimwene, inu ndi munthu wotani? Mlongo wanu ndili pompano tsiku ndi tsiku, inu kudwala sabata yathunthu osandiuza? Ndamvera kwa wolondera pageti ngati mlendo."

"Ndinkaopa zomwezi," anatero Atelala. "Diso likupweteka, makutu apwetekenso?"

Azakhali anayamba kuthira tiyi m'kapu, akupitiriza kukalipa. "Nanga munkadontheza chiyani? Anakupatsani ndani?"

"Ndinagula kwa Zonsezilipo."

Pakamwa posagona paja panatsekeka. Tiyi anadzaza kapu, nasefukira patebulo, azakhali akuthirabe. Atazindikira anapukuta ndi nsonga ya diresi, kenako dzanja lawo linapita pa kabotolo kaja.

"Kachinthu aka nditaye, kangapatsire ena."

Sajeni anakatenga msanga. "Aka ndi umboni, azakhali."

"Umboni wa chiyani, mwana iwe? Bambo ako akudwala, iwe uli pantchito?"

Sajeni anakagwiritsitsa. Anaganiza kuti ndi chisoni chabe chimene chawasokoneza azakhali, ndipo maganizo ake anali kale pa chinthu china. Pogwira kabotoloko, chikhadabo chake chinakodwa m'timizere tina pansi pake.

Jekete la Atelala linali pamsomali pafupi ndi bedi. Telala sayenda wopanda choko, ndipo Sajeni anachipeza m'thumba la pamtima, chabuluu, chophwatalala. Anatuluka nacho mukhonde, naima pawindo. Anatulutsa kabotolo m'pepala, nakatembenuza, napaka choko pansi pake n'kupukuta pang'ono ndi chala. Choko chinatsalira m'timizere tija. Panaoneka manambala, olembedwa ndi dzanja la munthu: tsiku ndi mwezi. Deti yake inali ya miyezi itatu yapitayo.

Kenako anayang'anitsitsa kamphete ka pulasitiki kamene kamatsala pakhosi pa botolo chotsekera chikatsegulidwa. M'mbali mwake munali timadontho titatu tosungunuka, tating'ono ngati mutu wa phini, totalikirana mofanana. Munthu wina anamata chotsekera chakale ndi singano yamoto kuti chidzalirenso thwa.

* * *

Sisitala, namwino wamkulu wa chipinda cha maso, anali mayi wamtali wosaseka, amene ngakhale madokotala ankamulambalala. Sajeni anamupeza akukonza tebulo lamawilo la mankhwala, namuonetsa manambala aja. Sisitala anavala magalasi, nayang'ana kamodzi kokha.

"Dzanja langa ili. Seveni wanga ndimamudula pakati."

"Mumalemberanji pansi?"

"Chifukwa papepala la pambali inki imafufutika ndi madontho. Mankhwala a m'maso si mafuta odzola, Sajeni. Kabotolo kakatsegulidwa, masiku ake ayamba kutha. Kunyumba asapitirire milungu inayi. Muno sindidikira n'komwe imeneyo. Kabotolo kamodzi, wodwala mmodzi. Akatuluka, kapena kansonga kakangokhudza chikope, ndimataya, kaya katsala theka kaya katsala kodzaza. Ndiye ndimalemba deti pansi, ndipo ndimadinikiza bolopeni, anthu amandidandaula kuti ndimaboola mapepala."

"Inki yake wina anaipukuta."

"Ndi sipiriti imachoka. Koma mzere suchoka." Sisitala anavula magalasi. "Aka ndinakataya ine miyezi itatu yapitayo. Kakufuna chiyani m'manja mwanu?"

"Kanagulidwa m'sitolo sabata yatha ngati katsopano. Kali m'diso la bambo anga."

Nkhope yosaseka ija inasintha. Sisitala anakhala pampando pang'onopang'ono. "Ndimaponya m'ndowa yachikasu iyo. Ndowa imapita kung'anjo, kuseri kwa chipinda chochapira. Zonse zimayenera kupsa."

"Mumaponyamo mitundu ingati?"

"Yonse. Opha tizilombo, okulitsa mwana wa diso, ndi aja oyera ngati mkaka a odwala a ng'ala. Ndowa ndi imodzi."

Sajeni anakumbukira mawu a dokotala, nakumbukiranso makolala khumi a bambo ake ndi kufiira kumene kunatha masiku awiri. Koma kuganiza si kudziwa, ndipo dokotala ankafuna munthu, osati maganizo a wapolisi.

* * *

Wotentha zinyalala anali bambo wachikulire wa nsidze zopserera. Atangoona yunifolomu anaponya fosholo pansi n'kukweza manja.

"Ndinadziwa. Chikasowa chinthu pachipatala pano, woyamba ndine. Tsiku lina anasowa mapilo, anabwera kuno. Ine mapilo ndiwatani, ndimagona pa katoni?"

"Sindinanene kuti mwaba, bambo. Ndowa yachikasu ya ku maso mumaitentha liti?"

"Lachiwiri ndi Lachisanu. Koma mwabwera bwino, chifukwa inenso ndili ndi funso. Kale ndowa imeneyo inkandisangalatsa. Timabotolo tikalowa pamoto timaphulika, phu, phu, ngati chimanga chokazinga. Tsopano papita miyezi inayi kapena isanu, zii. Thonje lokhalokha ndi magolovesi. Ndinkati kapena anthu asiya kudwala maso."

"Amabweretsa ndowayo ndani?"

"Okolopa. Koma ine ndimafika ndowa zili kale pamzere pakhomo apa. Komanso anawasinthasintha zipinda chaka chino, sindidziwa kuti uyu ali kuti."

Sajeni anamuonetsa kamphete kaja ndi timadontho take titatu. "Mungathe kuchita izi?"

Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola. Anatambasula zala zake, zonenepa, zolimba ndi zipsera, zikhadabo zina palibe. "Zala izi? Batani la malaya anga amandimangira ndi mayi a kunyumba. Amene anachita izi anakulira pa singano, mayi. Taonani mmene atalikitsira, ngati anayeza ndi tepi."

Mawu amenewo anamukhala Sajeni pamtima ngati mwala, koma anawakankhira pambali. Anthu odziwa singano ndi ambiri. Anayang'ana wotchi. Inali itadutsa leveni koloko.

* * *

Sitolo ya Zonsezilipo inali yopapatiza, yodzaza mpaka kudenga: sopo, mabatire, zingwe za nsapato, mankhwala a mutu, misampha ya makoswe. Mwini wake, bambo wonenepa wa mawu otsekemera, ankayankha funso lililonse la kasitomala ndi mawu amodzi omwewo, n'chifukwa chake dzinalo linamukakamira.

"Sajeni, mwana wa Atelala. Takulandirani. Mukufuna chiyani? Zonse zilipo."

"Mankhwala odontheza m'maso."

"Alipo. Angati?"

"Onse."

Kumwetulira kunachepa pang'ono, koma anatsitsa kabokosi pashelefu. Munali timabotolo tisanu ndi tinayi, toyera, taukhondo, tonse totseka bwino.

"Mumawatenga kuti?"

"Kwa ogulitsa mankhwala akuluakulu, anthu a mapepala awo. Ine sindigulitsa zachabechabe. Ndakhala pakona pano zaka makumi awiri, funsani aliyense."

"Chilolezo chogulitsa mankhwala otere muli nacho?"

"Chili m'njira."

Sajeni sanakangane naye. Anandandalika timabotolo tija pakauntala mozondotsa, natulutsa choko chabuluu. Anapaka koyamba, panaoneka deti. Anapaka kachiwiri, deti. Kachitatu kanali ndi seveni wodula pakati. Ankapaka mosafulumira, osayang'ana mwini sitolo, ndipo pofika kachisanu ndi chinayi thukuta linali litanyowetsa kolala ya Zonsezilipo.

"Awa ndi mabotolo a m'ndowa ya zinyalala kuchipatala," anatero Sajeni. "Limodzi munagulitsa kwa bambo anga. Ali pabedi, diso likuola. Mukudziwa kuti ali nalo limodzi lomwelo."

"Ine sindinadziwe, Sajeni, ndikulumbira. Ine ndinkati ndi otsala abwinobwino. Anthu ankachira, ena ankabweranso kudzathokoza. Atelala ndi mnzanga, buluku ili anasoka ndi iwo."

"Amabweretsa ndani?"

"Mayi wina."

"Dzina?"

Zonsezilipo anayang'ana kudenga, kenako pansi, kenako pa misampha ya makoswe. Kwa nthawi yoyamba m'sitolomo munasowa chinthu. "Musandikakamize kutchula ine, Sajeni. Nkhaniyi ndi yolemera pakamwa panga. Amabwera Lachisanu akaweruka, amasiya kathumba, Lachisanu linalo amatenga kopanda kanthu. Kathumbako kali pano. Mukaone nokha."

Anawerama kuseri kwa kauntala, natulutsa kathumba kansalu n'kukaika pakati pa timabotolo tija.

Kanali kolumikiza tinsalu totsala: kabuluu ka yunifolomu, kofiira ka diresi, kachikasu ka katani. M'makona monse munali msoko wobwereza kawiri wopingasa, umene telala mmodzi yekha m'dera lonselo ankauchita. Atelala anasoka timatumba totere titatu chaka chimene anagula makina atsopano. Kamodzi kanali ka malemu mayi ake a Sajeni, ndipo kali m'sutikesi mpaka lero. Kachiwiri kanali m'chikwama cha Sajeni nthawi yomweyo, muli makiyi. Kachitatu anapatsa mlongo wawo.

M'maganizo mwake Sajeni anaonanso tiyi uja akusefukira patebulo, ndi dzanja likupita pa kabotolo. Anamva chisoni chachikulu, ndipo pambuyo pa chisonicho panabwera manyazi, chifukwa zinali pamphuno pake kuyambira m'mawa.

Anaimbira foni mnzake wa kupolisi kuti abwere adzatenge timabotolo ndi mwini sitolo, ndi kulemba aliyense amene anagulapo kuti akauzidwe asiye kudontheza. Kathumba kokha anakapinda n'kukaika m'thumba la yunifolomu.

* * *

Chipinda cha okolopa chinali kumapeto kwa khonde, chonunkha mankhwala okolopera. Pakhoma panali pepala la magawo a ntchito, ndipo Sajeni analiwerenga asanalowe. Kuyambira miyezi isanu yapitayo, azakhali sanalinso kwa amayi oyembekezera. Anali ku maso.

Anawapeza atakhala pa ndowa yovundikira, manja ali pamiyendo, ngati munthu wodikira basi imene akudziwa kuti ibwera. Sajeni anatseka chitseko, natulutsa kathumba, nakaika pamiyendo pawo.

"Kathumba kanga aka kanasowa kalekale," anatero azakhali, osakayang'ana.

"Azakhali."

"Anthu amaba, mwana iwe. Iwe ndiwe wapolisi, ukudziwa."

"Azakhali, nthawi ikupita. Pa kamphete pali timadontho titatu. Ndi mmene munkandiphunzitsira kuika batani ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri: katatu, motalikirana mofanana."

Azakhali anagwira kathumba kaja, nayamba kusisita msoko wa pakona ndi chala chachikulu. Atayamba kulankhula, mawu awo anali otsika, osati a mayi wokalipa uja.

"Iwe sunawaone agogo ako. Kansalu kakagwa pansi m'shopu mwawo, ankatitoletsa ndi khutu. Ankati chotsala si chinyalala, chikungodikira chinzake. Ine ndi bambo ako tinavala zigamba mpaka kukula, ndipo sitinafe. Ndiye ndabwera kuno ku maso, ndikuona Sisitala akuponya mabotolo, ena theka, ena odzaza, mankhwala abwinobwino. Kwathu kuja ana akuyenda maso ali psuu, amayi awo alibe tsiku loti ataye pamzere. Ndinatenga kamodzi, ndinapatsa mwana wa neba. Anachira. Ndinatenga kena. Kenako ndinayamba kuphatikiza totsalatotsala kuti kadzaze kamodzi. Zonsezilipo anamva, n'kundinyengerera. Ndinavomera, sindikana. Koma ndinkatsuka bwinobwino, ndi sipiriti kunja konse. Iwe ukundidziwa ine pa ukhondo."

"Kunja," anatero Sajeni. "Nanga m'kati munkathira chiyani?"

Azakhali anangopitiriza kusisita kathumba kaja.

"Dokotala akufuna kudziwa. Akuti mankhwala oti apereke lero akudalira zimenezo."

"Ndikuuza iwe, iwe ukamuuze. Unene kuti wamva kwa munthu wina. Usanditchule." Anamugwira dzanja. "Chatsala chaka chimodzi kuti ndipume pantchito, mwana wanga. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakolopa masanzi a anthu muno popanda mlandu. Ndinakubereka kumsana kubwera nawe pachipatala pompano uli ndi chikuku, mayi ako ali chigonere. Chibale ndi fupa, sichiola. Ukanditulutsa muno ndi unyolo, achimwene ndidzawayang'ana bwanji?"

Sajeni ankawakonda azakhali ake, ndipo zonse zimene ananenazo zinali zoona. Akanatha kuchita zimene anapemphazo, ndipo palibe akanadziwa kupatula Zonsezilipo. Koma ankadziwa mmene nkhani imaonongekera ikadutsa pakamwa pawiri. Dokotala akanafunsa funso lachiwiri ndi lachitatu, iye n'kumathamanga mukhonde kukatenga mayankho ngati mwana wotumidwa mchere, diso likudyeka.

"Mukuti mudzawayang'ana bwanji," anatero. "Ine ndikufuna iwo adzathe kukuyang'anani inu. Dzukani, azakhali. Unyolo ndilibe, ndipo sindikugwirani dzanja. Muyenda nokha, ine pambali panu. Koma tikupita kwa dokotala tsopano lino, ndipo mukanena zonse ndi pakamwa panu."

"Ukundikana?"

"Sindikukanani. Ndikukana kuti ababa akhale mumdima chifukwa ife tachita manyazi."

Azakhali anaika kathumba pambali. Kenako anavula epuloni, naipinda bwinobwino m'makona anayi, naiika pa shelefu. Anaimirira.

* * *

Dokotala sanakalipe, analibe nthawi yake. Anawakhazika azakhali pampando, natenga pepala.

"Munkaphatikiza mitundu yanji?"

"Opha tizilombo okhaokha poyamba. Ndinkaona zilembo zofanana."

"Poyamba. Kenako?"

"Akachepa ndinkaonjezera aja oyera ngati mkaka, a anthu a ng'ala. Ndinkaona kuti odwala akadontheza amenewo diso limayera msanga. Ndinkati ndi amphamvu kuposa."

"Ochuluka bwanji?"

"Mwezi uno opha tizilombo anali ochepa. Mwina theka ndi theka. Ndinkasiya adikhe, n'kutenga a pamwamba kuti asaoneke oyera."

"Madzi?"

"Pang'ono, kuti kadzaze. Owiritsa."

"Mumasunga m'chiyani madziwo?"

"M'botolo, pawindo la kukhitchini."

"Masiku angati?"

"Mpaka athe."

"Munkathira ndi chiyani?"

"Ndi jakisoni wopanda singano. Mmodzi yemweyo, koma ndinkamutsuka."

Dokotala anatseka maso kamphindi, kenako anaimirira n'kuitana Sisitala. Analankhula mothamanga kuposa kale: aonjezere mankhwala ena olimbana ndi nkhungu imene imamera pachilonda chikagonetsedwa ndi mankhwala a ng'ala, asinthe ena aja, adontheze mosinthanitsa osadumphitsa ola, ndipo wina apite kunyumba kwa azakhali akatenge botolo la madzi ndi jakisoniyo apite nazo ku labu. Ali pakhomo anatembenuka.

"Mukanabwera mawa, mayi, sindikanakhala ndi choti ndipulumutse. Ngakhale lero sindikulonjeza."

Azakhali anapempha chinthu chimodzi asanapite kupolisi, ndipo Sajeni anawalola. Nsapato zija zinalira kwichi kwichi mpaka pabedi lachitatu. Atelala anatembenuzira mutu komwe kunkachokera phokosolo.

"Wabweranso kudzandikalipira?"

Azakhali anagwada pansi pa simenti imene anaikolopa okha m'mawa Atelala asanagonekedwe, nanena zonse, osasiyako. Atelala anamvetsera mpaka kumapeto. Atatha, m'chipindamo munangomveka kulira kwa mawilo a tebulo la Sisitala.

"Chotsekera chija unamata ndi iwe?" anafunsa Atelala.

"Ndi ine, achimwene."

"Chinandipusitsa ine, telala." Anapuma mozama. "Dzanja la ababa limenelo."

Anatembenukira kukhoma. Sajeni anawadzutsa azakhali, nayenda nawo mpaka kupolisi, wapansi, mbali ndi mbali. Kumeneko anapereka mlanduwo kwa mnzake, chifukwa wapolisi safufuza magazi ake, ndipo analemba umboni wake ngati mboni wamba. Dzina la azakhali analilemba lonse.

* * *

Atelala anakhala m'chipatala milungu itatu. Sajeni ankabwera m'mawa ndi madzulo, ndipo anaphunzira kudontheza yekha: kusamba m'manja, kukokera chikope pansi, dontho limodzi, kansonga osakhudza kanthu. Kabotolo kalikonse katsopano ankakatembenuza n'kulemba deti pansi, akudinikiza bolopeni, mpaka Sisitala anamwetulira kamodzi, anthu n'kuchita kuuzana.

Tsiku lotuluka, dokotala anaunika diso nthawi yaitali. Chilonda chinali chitapola, koma chinasiya chipsera choyera chimene chinaphimba mbali imodzi ya kagalasi.

"Latsala," anatero. "Si lonse, koma latsala."

Atelala sanafune kupita kunyumba. Anauza Sajeni kuti awaperekeze kushopu. Mayunifolomu aja anali atatengedwa kale ndi telala wina, ndipo pamakina panali fumbi. Anakhala pampando wawo, napukuta makinawo ndi mkono wa jekete, natenga singano yamanja ndi ulusi woyera. Anatembenukira kuwindo.

Ulusi unadutsa pambali. Anayesanso, unapindika. Anapendeketsa mutu kuti ayang'anire mbali yoyera ya diso, nayesa kachitatu, koma unaphonyanso. Sajeni anafuna kutambasula dzanja kuti awathandize, koma anadzigwira, misozi ili m'maso.

Atelala anauyang'ana ulusiwo nthawi yaitali. Kenako, kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi anayi, anaupititsa pakamwa n'kuunyambita. Anaupotokola ndi zala, nauyandikitsa pang'onopang'ono. Unalowa.

Anaukoka mpaka pakati, namanga mfundo, osamuyang'ana mwana wawo.

"Mlandu wa azakhali ako ndi liti?"

"Lachinayi likubwerali, ababa. Simukukakamizidwa kupita."

"Ndipita," anatero Atelala. "Undikhazike kutsogolo, mbali ya kumanja. Ndikufuna aone kuti ndikumuona."